Mawu a Chingerezi Amene Timakumana Nawo Kuchipatala, Pangongole ndi Pafoni

Mawu a Mulungu: Machitidwe a Atumwi 8:26-35, Nehemiya 8:1-8

 Pa phunziro la mwezi uno mayi aliyense abwere kumsonkhano ndi zinthu ziwiri: kabuku kake ka kuchipatala, ndi botolo kapena kapaketi ka mankhwala kamene kali m'nyumba, ngakhale mankhwalawo anatha kale. Amene ali ndi pepala la ngongole abwere nalonso. Mtsogoleri atsegule ndi pemphero, ndipo mayi mmodzi awerenge ndime ziwiri zili pamwambazo mosathamanga.

Munthu wa ku Etiopia uja amene Filipo anakumana naye pa msewu wa ku Gaza sanali mbuli ayi. Anali nduna yosunga chuma chonse cha mfumukazi ya dziko lake, anali pa galeta, ndipo buku la mneneri Yesaya ankaliwerenga mokweza bwinobwino. Zilembo ankazidziwa. Chimene chinkamusowa ndi tanthauzo. Filipo atamufunsa ngati akumvetsa zimene akuwerengazo, bwana wamkuluyo sanachite manyazi. Anavomera kuti payekha sangathe, ndipo anapempha mlendo woyenda pansi kuti akwere akhale naye. Kwa Nehemiya nakonso, pamene buku la chilamulo linkawerengedwa, Alevi ankafotokozera anthu tanthauzo lake kuti amve. Taonani pa vesi 2 kuti akazi analipo pamsonkhano umenewo, ndipo nawonso ankayenera kumva, osati kungokhala chete kudikira amuna awo kuti akawauze kunyumba.

Ife lero buku la Yesaya silitisautsa motero, pakuti Buku Lopatulika tili nalo m'chilankhulo chathu kuyambira 1922. Zimene zimatisautsa ndi timapepala ta tsiku ndi tsiku: zolemba za pabotolo la mankhwala, zotsatira za magazi, fomu ya ngongole, uthenga wa ndalama pafoni. Zambiri mwa zimenezi zimabwera m'Chingerezi. Ambiri a ife tikhoza kutchula zilembozo, ena tinafika Sitandade 5 kapena 8, ndipo kuyambira pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994 nyumba zambiri zili ndi mwana wodziwa kuwerenga. Koma kutchula mawu ndi kwina, kudziwa chimene akutanthauza pamalo pamene alembedwapo ndi kwinanso. Zimenezi ndinaziphunzira mowawa.

M'zaka za m'ma 1990, ndikugwira ntchito ya unamwino pa chipatala china kuno kunyanja, kunabwera bambo wina msodzi amene anakhala akutsokomola kwa nthawi yaitali. Tinamuuza kuti apereke makhololo akapimidwe. Tsiku lodzamva zotsatira mzere unali wautali, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndipo iye atangolandira pepala lake anaona kuti kudikira dokotala kumuchedwetsa kunyanja. Analipinda pepalalo n'kupita nalo kwawo. Kumeneko analipereka kwa mwana wa mlongo wake, mnyamata wanzeru wa Fomu 2, kuti amuwerengere. Panalembedwa mawu akuti "positive". Mnyamatayo ananena zimene anaphunzira m'kalasi, kuti "positive" ndi zabwino ndipo "negative" ndi zoipa. Anati, "Amalume, muli bwino, alemba kuti zonse zili bwino."

Bamboyo tinadzamuonanso patatha miyezi itatu atamukwezeka panjinga, ataonda kwambiri, ndipo mwana wake wamng'ono amene ankagona naye chipinda chimodzi atayambanso kutsokomola. Onse awiri anachira chifuwa chachikulucho, tithokoze Mulungu, koma ukonde ndi bwato zinali zitagulitsidwa kale kuti banja lidye. Mnyamata uja sananame. Iye ankadziwa tanthauzo limodzi la mawuwo, ndipo pepalalo linkafuna tanthauzo lina. Ifenso anamwino tinali ndi mbali yathu, chifukwa pepala lotere siliyenera kupita m'manja mwa munthu popanda kumuuza ndi pakamwa.

Mawu amodzi, matanthauzo awiri

Choncho tiyambe ndi mawu omwewo. Pa zoyeza za kuchipatala, "positive" ndiye kuti chimene amafufuzacho chapezeka, ndipo "negative" ndiye kuti sichinapezeke. Mukayezetsa malungo n'kulembedwa "positive", muli ndi malungo. Mukayezetsa mimba n'kulembedwa "positive", muli ndi pathupi, kaya nkhaniyo yakusangalatsani kaya yakudetsani nkhawa. Pa zoyeza za HIV nthawi zina amalemba "reactive", kutanthauza kuti chizindikiro cha kachilomboko chaoneka, ndi "non-reactive", kutanthauza kuti sichinaoneke. Mawuwa sanena za ubwino kapena kuipa. Amangoyankha funso limodzi: chapezeka kapena ayi? Ndiye mukaona mawu amenewa, funsani kuti, "Kodi mumayeza chiyani?"

Chingerezi chili ndi mawu ambiri otere, ovala nkhope ziwiri. Izi zisatidabwitse, chifukwa Chichewa chathu chimateronso. Mtengo ndi umene umamera kuseri kwa nyumba, mtengo ndi umenenso timafunsa pogula usipa padoko, ndipo palibe mayi amene amasokoneza ziwirizi, chifukwa amaona pamene waima. M'Chingerezi muzichitanso chimodzimodzi: muziona pamene mwaima.

Mawu akuti "stable", ana a Sande sukulu amawadziwa pa Khirisimasi kuti ndi khola la ziweto. Koma dokotala akalemba kuti wodwala ali "stable", akutanthauza kuti matenda aima pamodzi, sakukulirakulira. Sananene kuti wachira. Ndaonapo achibale akuyamba kumanga katundu atamva mawu amenewa, pamene wodwalayo anali adakali pa diripi. Mawu a kutuluka m'chipatala ndi "discharge". Komanso mawu omwewa, akalembedwa pofotokoza zimene mukudwala, amatanthauza zotuluka m'thupi, monga mafinya a pabala kapena ukazi wachilendo wotuluka kunjira ya amayi. Mayi akaona "discharge" m'kabuku kake aone bwino ngati zikunenedwa ndi tsiku lotuluka kapena matenda ofunika mankhwala.

"Labour" ku ofesi ya boma ndi nkhani za ntchito, koma kuchipatala ndi matenda a mayi amene nthawi yake yochira yakwana. "Theatre" kwa ana asukulu ndi malo a zisudzo, kwa ife ndi chipinda cha opaleshoni. "Patient" ndi wodwala, komanso ndi munthu woleza mtima, ndipo amene anakhalapo pamzere wa kuchipatala avomereza kuti pamenepa matanthauzo awiriwa amakumana. Za "stool" pali nthabwala yakale ya anamwino, ya munthu amene anauzidwa kuti abwere ndi "stool" mawa ndipo anabwera atasenza kampando. Kuchipatala mawuwa amatanthauza chimbudzi chimene akufuna kuchipima.

Pali mawu awiri amene amafanana poyambira ndipo amayi amawasokoneza kawirikawiri: "refer" ndi "review". Akalemba "refer" kapena "referred", akukutumizani ku chipatala chachikulu, monga kuchoka pa chipatala chaching'ono kupita ku chipatala cha boma ku Mangochi, kapena kuchoka pamenepo kupita ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Apa pafunika kukonza thiransipoti msanga, osati kukadikira kunyumba. Akalemba "review" ndi tsiku pambali pake, akuti mubwerenso pomwepo tsiku limenelo adzakuoneni, ngakhale mukumva bwino. Amayi a matenda a shuga ndi othamanga magazi, mawu amenewa ndi anu kwambiri. Tsegulani timabuku tanu tsopano, muwafufuze, ndipo amene wawapeza aonetse mnzake.

Zolembedwa pabotolo

Tengani tsopano mabotolo ndi timapaketi mwabwera nato. Pamenepa mpamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa amene amamwetsa mankhwala panyumba ndi mayi, ndipo agogo ambiri a ife tikulera adzukulu.

"Teaspoon" ndi supuni yaing'ono ya tiyi, mulingo wake ndi mamililita 5. "Tablespoon" ndi supuni yaikulu, mamililita 15. Mawuwa amayamba ndi chilembo chimodzi ndipo amathera mofanana, koma mukawasinthanitsa mwana amamwa mankhwala ochuluka katatu kuposa mulingo wake. Popeza masupuni a m'nyumba zathu ndi osiyanasiyana, ngati botolo labwera ndi kachikho kake kapena kasupuni kolembedwa manambala, gwiritsani ntchito kameneko.

"Once daily" ndi kamodzi pa tsiku. "Twice daily" ndi kawiri. "Three times daily" ndi katatu. Koma "at once" si kamodzi pa tsiku, ndi nthawi yomweyo kapena onse pamodzi. Mu kabuku ka kuchipatala mudzapeza zidule zimene si Chingerezi n'komwe, ndi Chilatini, ndipo ngakhale mwana wa Fomu 4 sangazidziwe ngati sanauzidwe: "od" ndi kamodzi pa tsiku, "bd" kawiri, "tds" katatu, "nocte" usiku pogona, ndipo "stat" ndi pompano. Katatu pa tsiku sikutanthauza kumwa atatu onse m'mawa kuti muthane nazo musanapite kumunda. Ndi m'mawa, masana ndi usiku, motalikirana bwino.

Tiyese ndi mankhwala amene tonse timawadziwa. A malungo aja timati LA, amene analowa m'malo mwa Fansidar mu 2007, amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, kutanthauza kuti maulendo 6. Fansidar tinkamwa kamodzi n'kuthana nazo, ndipo chizolowezi chimenecho chinavuta kuchichotsa. Munthu akamva bwino tsiku lachiwiri amasunga otsalawo kuti adzamwe akadzadwalanso. Apa mpamene pamabwera mawu akuti "dose" ndi "course". "Dose" ndi mulingo wa ulendo umodzi. "Course" ndi mankhwala onse kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Mukaona "complete the course", akuti malizani onse.

"Before meals" ndi musanadye, "after meals" mutadya, "with food" pamodzi ndi chakudya, "on an empty stomach" m'mimba muli mopanda kanthu. Kuno kunyanja kumene likodzo ndi losasowa, mapiritsi ake a praziquantel amafuna kuti mwana akhale atadya. Akamwa ndi njala amamva chizungulire ndi mseru, ndipo makolo amayamba kunena kuti mankhwalawo ndi oipa. "Shake well" ndi kukhutchumula botolo musanathire, chifukwa mphamvu ya mankhwala imakhala itadikha pansi. "Dissolve" ndi kusungunula. Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unatisautsa kwambiri kuno ku Mangochi, tinaona kufunika kwa mawu amenewa: paketi imodzi ya Thanzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino, osati m'kapu, ndipo otsala amatayidwa pakatha maola 24. "Discard" ndiye kutaya kumeneko.

Mawu amene ndikufuna mayi aliyense awaloweze lero, ngakhale ena onse awaiwale, ndi awa: "for external use only". Akutanthauza kuti ndi opaka kunja kwa thupi basi, osamwa. Mankhwala a mphere amene amaoneka ngati mkaka amakhala m'botolo lofanana ndi la mankhwala akumwa, ndipo usiku ndi kuwala kwa tochi ya foni n'kosavuta kulakwitsa. Limodzi ndi amenewa pali "poison", kutanthauza chiphe, ndi "keep out of reach of children", ikani pamene ana sangafikire.

Pomaliza pa botolopo fufuzani zilembo "EXP". Zikuimira "expiry", tsiku limene mankhwala atherapo mphamvu. Pafupi pake pamakhala "MFG" kapena "MFD", tsiku limene anapangidwa. Musasinthanitse ziwirizi. Amene wapeza kuti botolo lake linapyola tsiku la "EXP" asabwerere nalo kukaliika pawindo paja.

Timawu ting'onoting'ono

Chinsinsi chimodzi chimene chinandithandiza ndili kusukulu ya unamwino ndi ichi: mawu ataliatali a Chingerezi amamangidwa ndi tizidutswa, monga ife timamangira "wosadya" kuchokera ku "kudya". Mukadziwa kachidutswa kamodzi mwatsegula mawu ambiri. "Un", "non" ndi "dis" kumayambiriro kawirikawiri zimatembenuza tanthauzo: "safe" ndi chopanda chiopsezo, "unsafe" ndi choopsa, "paid" ndi zolipidwa, "unpaid" zosalipidwa, "agree" kuvomera, "disagree" kukana. "Over" ndi kupyola muyezo, ndiye "overdose" ndi kumwa mankhwala mopitirira. "Under" ndi kuchepera, ndiye "underweight" ndi mwana wosakwana sikelo, ndipo "under-five" ndi ana osakwana zaka zisanu.

"Anti" ndi kulimbana ndi chinthu: "antimalarial" amalimbana ndi malungo, "antibiotic" amalimbana ndi tizilombo ta bakiteriya, ndipo chilembo A mu ma ARV, amene anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, chikuimira "anti" yemweyo. Koma "ante", wothera ndi e, ndi chinthu chisanachitike. "Antenatal" ndi sikelo ya amayi oyembekezera, mwana asanabadwe, ndipo "postnatal" ndi atabadwa. Namwino wina wachitsikana ankalemba "antinatal" pachitseko, ndipo sisitala wathu wamkulu anamufunsa ngati chipinda chimenecho ndi cholimbana ndi kubadwa kwa ana.

Ndipo musanyoze timawu tating'ono kwambiri: "not", "do not", "never", "avoid", "only", "unless". Munthu wothamanga amawerenga mawu akuluakulu n'kudumpha timeneti, pamene ndito tanyamula chenjezo lonse. "Do not take if pregnant" ndi "take if pregnant" zasiyana ndi timawu tiwiri tokha.

Pa ngongole ndi pafoni

Tichoke kuchipatala. Amayi ambiri muli m'mabanki mkhonde, ena mumatenga ngongole ku mabungwe kuti mupikule usipa ndi utaka kapena mpunga. Mayi wina wa mumpingo mwathu, amene wandilola kufotokoza nkhani yake popanda dzina, anapemphedwa ndi mnzake wa pa geni kuti akamusainire pepala la ngongole ku bungwe lina. Anamuuza kuti, "Mungokhala mboni chabe, amayi." Iye anasaina pa mzere umene anamulozera. Mnzakeyo atathawira ku Joni ngongole isanathe, anthu a bungwelo anabwera kwa iye, ndipo makina ake osokera anapita. Pansi pa mzere umene anasainapo sipanalembedwe "witness". Panalembedwa "guarantor".

"Witness" ndi mboni, munthu amene akungotsimikiza kuti anaona wina akusaina. "Guarantor" ndi munthu amene akulonjeza kuti wokongolayo akalephera, adzabweza ndi iyeyo. Buku la Miyambo, mutu 22 vesi 26 ndi 27, linachenjeza kale za kuperekera mnzako chikole mpaka kulandidwa pogona. Sindikuti tisamathandizane. Ndikuti pothandizapo tizidziwa chimene tavomera. "Collateral" kapena "security" ndi chikole, katundu amene adzatengedwe mukalephera. "Default" ndi kulephera kubweza pa nthawi yake, ndipo "penalty" ndi chindapusa chake.

"Interest" m'kalasi ndi chidwi, pangongole ndi chiwongoladzanja. Mawuwa musawasiye okha, onani otsatira ake. "Per month" ndi pa mwezi, "per annum" ndi pa chaka. Tiwerengere limodzi. Mwakongola K100,000 pa 20 peresenti. Ngati ndi "per annum", chiwongoladzanja cha chaka chonse ndi K20,000. Ngati ndi "per month", ndi K20,000 mwezi uliwonse, ndipo mukakhala nayo chaka chathunthu mwapereka K240,000 ya chiwongoladzanja chokha, ngongole yeniyeniyo ili chikhalire. Nambala ndi yomweyo, 20, koma ina ndi ngongole, ina ndi katapila wovala tayi.

Amayi amasiye, ndi ife tonse amene tingadzakhale amasiye, tidziwenso awa. "Will" ndi pepala limene munthu amalemba akadali moyo lonena za kagawidwe ka chuma chake. "Beneficiary" ndi woyenera kulandira. "Next of kin" ndi wachibale wapafupi amene adziwitsidwe pakagwa kanthu, ndipo kulembedwa "next of kin" pakokha sikupatsa munthu umwini wa katundu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Koma mayi akasaina pepala limene sanalimve, pa nthawi imene maso adakali otupa ndi misozi, amadzimanga yekha. Palibe cholakwa kunena kuti, "Ndisaina mawa, ndikaonetse kaye kwa wina."

Za pafoni ndingonena mwachidule, poti ana athu amazidziwa kuposa ine. Pa Airtel Money kapena Mpamba, "balance" ndi ndalama zotsala, "insufficient" ndi zosakwanira, "cancel" ndi kuleka, "reverse" ndi kubweza ndalama kumene zachokera, ndipo "confirm" ndi kutsimikiza. Mawu otsirizawa ndi a banja limodzi ndi "confirmation", mwambo uja Ambuye Bishopu amasanjika manja pa ana athu potsimikiza malonjezo a ubatizo. Monga sitilola mwana kupita kwa Bishopu asanaphunzire, nafenso tisadinde "confirm" tisanawerenge dzina ndi ndalama zimene zalembedwa. Ndipo PIN ndi nambala yanu yachinsinsi. Woimba foni n'kukufunsani nambala imeneyi ndi wakuba, ngakhale alankhule Chingerezi chosalala chotani.

Tiphunzira bwanji pa msinkhu uno?

Ndikudziwa kuti wina akuti mumtima, "Ine mutu unauma kale, ana adzandiwerengera." Ana ndi dalitso, ndipo tiziwafunsa. Koma taganizani. Kodi zotsatira za matenda a kunjira ya amayi mungafune akuwerengereni mwana wanu wamwamuna? Kodi pepala la nyumba ya malemu amuna anu mungalipereke kwa wachibale amene akuifuna nyumbayo? Zinthu zina mayi ayenera kuziona ndi maso ake.

Komanso mutu sunaume. Ambiri a inu mumalankhula Chichewa ndi Chiyao mosinthasintha pamsika popanda kupunthwa. Ndipo Chingerezi mumachilankhula kale osadziwa: botolo, supuni, mapiritsi, jakisoni, wodi, sikelo, sitolo, tebulo, zonsezi tinazitenga kumeneko n'kuziveka nsalu yathu. Azungu amene anabwera kuno nawonso anayamba ngati ana. Johannes Rebmann, mmishonale wa bungwe la CMS pafupi ndi Mombasa, anakhala pansi ndi Salimini, munthu wa kuno kwathu amene anatengedwa ukapolo, namufunsa mawu amodziamodzi n'kumalemba, ndipo buku lawo linasindikizidwa mu 1877. Wansembe wa UMCA Herbert Barnes anatulutsa buku la mawu a Chinyanja ndi Chingerezi mu 1902. Anthu ophunzira chotero sanachite manyazi kufunsa kuti, "Ichi mumati chiyani?" Bungwe lathu lomwe, limene Mary Sumner analiyambitsa mu 1876, linakhazikitsa ntchito yophunzitsa amayi kulemba ndi kuwerenga mu 2000, ndipo Malawi anali limodzi mwa maiko atatu oyamba pamodzi ndi Burundi ndi Sudan. Choncho phunziro ili si lachilendo pakati pathu.

Njira imene ndikupempha nthambi iliyonse kuti iyese ndi ya kope. Gulani kope limodzi la nthambi, ndipo amene angathe akhale ndi lakelake. Pa msonkhano uliwonse patulani mphindi 15. Amayi abweretse mawu amene akumana nawo sabata imeneyo, osati otola m'mutu, koma ochokera pa pepala lenileni. Musapitirire mawu asanu. Pa mawu alionse lembani mawuwo, kumene mwawapeza, chimene akutanthauza pamenepo, ndipo ngati ali ndi tanthauzo lina lembaninso pansi pake. Chachiwiricho, kumene mwawapeza, musachidumphe, chifukwa n'chimene chikanapulumutsa msodzi uja. Sabata yotsatira yambani ndi kufunsana asanu akale musanalembe atsopano. Mukakumana maulendo 40 pa chaka, ndi mawu 200.

Ine sindikhulupirira zoloweza mndandanda wautali wa mawu monga tinkachitira kusukulu poopa chikwapu. Mawu oloweza chotero amauluka mayeso akangotha. Amene amakhala ndi amene munawafuna tsiku lina, muli ndi botolo m'manja mwana akutentha thupi.

Nthambi imene ingathe isonkhe igule mtanthauziramawu wa Chingerezi ndi Chichewa. Alipo amene anakonza Steven Paas, yemwe ankaphunzitsa ku Zomba Theological College, ndipo a Oxford anamusindikiza mu 2016. Mawu amasanjidwa motsata alifabeti, ndiye mayi mmodzi wodziwa aonetse anzake kafufuzidwe kake. Mukawapeza mawuwo musaime pa tanthauzo loyamba. Werengani onse, kenaka musankhe logwirizana ndi pepala lanu. Mafoni a intaneti nawo amamasulira, ndipo amathandiza, koma foni sidziwa ngati mwaima kuchipatala kapena kukhola. Pa nkhani ya mankhwala, buku ndi foni zisalowe m'malo mwa kufunsa amene wakupatsani mankhwalawo. Muli ndi ufulu wonena kuti, "Pepani adokotala, tandiuzeni m'Chichewa," ndi kubwereza zimene mwamva kuti akukonzeni ngati mwaphonya. Pafupifupi mumpingo uliwonse muli mphunzitsi, namwino kapena mlangizi wa zaumoyo. Muitaneni kamodzi pa mwezi adzaone kope lanu ngati mwalemba zoona.

Chinthu chimodzi ndikuchenjezeni atsogoleri. Mayi akatchula mawu molakwika, pasakhale kuseka. Ndaona amayi akusiya sukulu ya kwacha chifukwa cha kuseka kwa tsiku limodzi. Ndiponso kabuku ka kuchipatala ndi chinsinsi cha mwini wake. Munthu asakakamizidwe kuonetsa tsamba limene sakufuna. Akhoza kukopera mawuwo pa kapepala n'kubwera nawo, ndipo wina asafunse kuti achokera m'kabuku ka yani.

Mafunso okambirana

1. Nduna ya ku Etiopia inavomera kuti sikumvetsa. N'chiyani chimatiletsa ife kuvomera chotero pamaso pa dokotala, aphunzitsi kapena wobwereketsa ndalama?

2. Alipo pakati pathu amene anasainapo kapena kudinda chala pa pepala limene sanalimve? Ngati ali womasuka afotokoze zimene zinatsatira.

3. Mumpingo kapena m'mudzi mwathu, kuphatikizapo anansi athu achisilamu, ndi agogo ati amene akulera ana okha ndipo alibe wowawerengera za pabotolo? Ndani wa ife adzawayendera sabata ino?

Mawu asanu oyamba kulemba m'kope lanu akhale awa: "positive", "review", "external", "expiry" ndi "guarantor". Alembi a nthambi adzabwere ndi makopewo ku msonkhano wa pa 9 Ogasiti, tsiku lokumbukira Mary Sumner, kuti tidzaone mawu amene nthambi zina zatola ndi kukoperana.